Lamya Yosadziwa Kuodira

Kuyambira ku Mbamba Bay kutsetsereka ndi gombe mpaka ku Chiwanda, kumene dziko la Tanzania limathera ndipo la Mozambique limayambira, kuli lamulo limene mwana amalidziwa asanadziwe kuwerenga. Munthu akafika pakhomo pa mnzake amaima kaye pabwalo n'kunena kuti "Odi!", kapena m'Chiswahili "Hodi!", ndipo amadikira kufikira mwini nyumba atayankha. Lamuloli limagwira ntchito ngakhale pa nyumba yopanda chitseko, ngakhale pa msasa wa msodzi umene mphepo imalowa mbali zonse. Limagwiranso ntchito pamene palibe khoma ndi limodzi lomwe: mwamuna woyandikira dooko limene amayi amasambapo amatsokomola kapena kufuula ali patali, kuti osambawo apeze mpata wofunda nsalu. Liwu lalifupi limeneli ndi chivomerezo chakuti maso a munthu ali ndi malire, ndi kuti pali zinthu zimene diso lingathe kuzifikira koma mwini diso alibe ufulu woziyang'ana.

M'zaka zaposachedwapa kugombe kumeneku kwafika mlendo amene saodira. Mlendoyu ndi lamya ya m'manja yokhala ndi kamera, pamodzi ndi masamba a mchezo amene imanyamula: WhatsApp, Facebook, Instagram ndi TikTok. Lamya payokha ndi chipangizo chothandiza. Msodzi amamva nayo mtengo wa usipa ku Mbinga ndi ku Songea asanagulitse, ndipo mayi wokalamba amalandira nayo ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Dar es Salaam. Mlandu uli pa chizolowezi chimene chakula pamodzi ndi lamyayo, chakuti chilichonse chimene diso laona n'choyenera kujambulidwa ndi kutumizidwa, ndipo woyamba kutumiza ndiye ngwazi. Kuipa kwa chizolowezichi kumaonekera konse pa nthawi ya imfa.

Miyezi ya mwera, kuyambira cha m'Meyi kufika mu Ogasiti, ndi miyezi imene nyanja imatenga anthu. Asodzi amapalasa usiku ndi nyali kukasaka usipa, mphepo imadzuka mwadzidzidzi, bwato limagadabuka, ndipo patapita tsiku kapena masiku angapo mafunde amabweza thupi pamchenga. Kale woyamba kuliona ankaliphimba ndi chitenje kapena malaya, kenaka n'kuthamangira kwa mfumu. Lero dzanja limayamba lapita m'thumba. Thupi lotupa, la nkhope yosinthika, nthawi zina lopanda chovala chifukwa madzi analivula, limajambulidwa. Chithunzi chimalowa m'gulu la WhatsApp la anthu a kumudzi okhala m'matauni, pansi pake patalembedwa zilembo zitatu za RIP ndi dzina la womwalirayo. Mlongo wake amene ali pasukulu ku Songea, kapena mkazi wake amene anakwera kumapiri a Amatengo kukagulitsa nsomba, amatsegula lamya poganiza kuti ndi moni wa m'mawa, n'kukumana ndi nkhope ya munthu wake. Pa nthawiyo alibe womugwira dzanja kapena womukhazika pansi. Wotumiza uja akafunsidwa amati ankangodziwitsa anthu.

Koma kudziwitsa anthu za imfa ndi ntchito imene Anyanja, monganso abale awo Achewa ndi Amang'anja, anaiikira dongosolo kalekale, ndipo dongosololo lili ndi woliyendetsa. Maliro ali ndi mwini maliro. Iye ndiye amatuma munthu kwa mfumu, ndipo m'midzi yambiri kulira mokweza sikuyamba mfumu isanamve. Iye ndiye amasankha mthenga wopita kwa achibale akutali, ndipo satuma mwana kapena munthu wa pakamwa popepuka. Mthengayo akafika amakhala pansi, amalandira moni, amayang'ana kaye ngati wouzidwayo ali ndi munthu pambali pake. Kwa mayi wokalamba kapena woyembekezera sanena zonse. Amati matenda akula, akukufunani kumudzi. Mlendo wosadziwa angati limeneli ndi bodza. Eni chiyankhulo amadziwa kuti womvayo wamva kale, koma wapatsidwa mpata woti chisoni chikamupeze atakhala pakati pa abale ake. N'chifukwa chake pa zovuta zotere mneni woti "kufa" amapewedwa ngati kuti ngwoyenera nkhuku ndi mbuzi. Munthu amamwalira, amagona, amatsikira kulichete. Thupi nalo lili ndi oyenera kuliona lisanakonzedwe, amene ndi osambitsa ndi adzukulu, ndipo ena onse amaona nkhope yokha pa nthawi imene eni maliro alola.

Wina asanene kuti dongosololi linali loyenera nthawi imene uthenga unkayenda wapansi basi. N'zoona kuti gombeli linali kutali ndi nkhani za maiko. Mu Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen itawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padooko la Sphinxhafen, pamene lero ndi pa Liuli m'boma lomweli la Nyasa, mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti maiko awiriwo ali pa nkhondo, ngakhale kuti panali patapita masiku oposa sabata. Komatu zipangizo zofulumiza uthenga zitabwera, mwambo wa maliro unazilandira popanda kusweka. Telegalamu inkalembedwa ndi wachibale. Mauthenga achisoni a pa wailesi, kaya ya MBC ku Malawi kaya ya Radio Tanzania, ankaperekedwa ndi banja, ndipo banja ndilo linkasankha mawu ndi mayina a oyenera kumva. Wailesi inali mthenga wotumidwa. Chasintha lero n'chakuti mthenga akudzituma yekha, ndipo malipiro ake akulandira kwa oonerera.

Amene akuganiza kuti zoterezi zimagwera asodzi osauka okha akumbukire zimene zinachitika kutsidya kwa nyanja, moyang'anana ndi Mbamba Bay. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali a dziko la Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, pa ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara m'boma la Nkhata Bay. Inapezeka tsiku lotsatira, onse atamwalira. Posakhalitsa zithunzi za matupi awo, monga momwe anagonera pakati pa zidutswa za ndege, zinayamba kuyenda m'malamya ndi kuwoloka malire a maiko. Aliyense amene anazilandira anali ndi mwayi wozifufuta, koma ambiri anazipititsa patsogolo, ena atalembapo mawu a pemphero. Akazi, amuna ndi ana a omwalirawo adzakhala ndi zithunzizo moyo wawo wonse, pakuti chimene chalowa pa intaneti sichiikidwa m'manda. Ngati udindo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko sunathe kuletsa chala cha wojambula, msodzi wa ku Chiwanda angadalire chiyani?

Apa ndi pamene ophunzira ayenera kuyankha mlandu wawo. Kwa zaka zambiri m'mabuku ndi m'misonkhano mwakhala mukumveka mfundo yakuti munthu wa mu Africa sadziwa za moyo wam'seri, popeza iye ndi munthu wa gulu: amadyera m'mbale imodzi ndi anzake, amagona nawo pa mphasa imodzi, ndipo nkhani yake ndi ya mudzi wonse. Ochirikiza mfundoyi amatsamira pa zolemba monga buku la John Mbiti la 1969, African Religions and Philosophy, limene linatsindika kuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake. Amalozanso ku pangano la ufulu wa anthu a mu Africa limene linavomerezedwa ku Nairobi mu 1981, limene, mosiyana ndi mapangano ena a mtundu wake, lilibe ndime yoteteza moyo wam'seri wa munthu. Umboni umene amaukonda koposa ndi wa m'dikishonale. Amati m'Chichewa mulibe liwu limodzi lofanana ndi la Chingerezi lakuti "privacy", amati nacho Chiswahili chinachita kubwereka liwu lakuti "faragha" kwa Aarabu, choncho chinthucho n'chobwera. Mnyamata wojambula mtembo pamchenga sanawerenge mabukuwa, koma mabukuwa amamulembera chikhululukiro: akungogawana ndi gulu, monga mwa chikhalidwe chake.

Mfundo imeneyi ndi ulesi wovala mkanjo wa maphunziro. Kusowa kwa dzina limodzi si umboni wa kusowa kwa chinthu. Chingerezi chilibe liwu losiyanitsa amalume ndi abambo aang'ono, koma palibe amene anganene kuti amayi a Angerezi alibe alongo. Ziyankhulo za Chibantu zimasunga nzeru zake zambiri mwa aneni, ndipo wofufuza woona amakayang'ana kumeneko. Msintho wa mneni wosonyeza kutsutsa, umene umadziwika ndi kachidutswa ka -ul-, umabweza zimene wina anachita: kutseka ndi kutsekula, kuvala ndi kuvula, kuvundikira ndi kuvundukula. Pamene chotsekedwacho ndi cha mwini, aneni amenewa amasanduka milandu yoweruzidwa pabwalo. Kuvula munthu pagulu, kumuyalutsa, kuulula za m'nyumba, kusuzumira pa zenera la eni: onsewa ndi mayina a zolakwa, ndipo cholakwa sichingakhale ndi dzina pamene palibe ufulu umene chaphwanya.

Umboni wina uli m'katchulidwe ka anthu. Mayi wamkulu satchulidwa dzina lake pagulu. Ndi amake a uje, ndi Nabanda kapena Naphiri, ndipo dzina lenileni limasungidwa ngati katundu wa m'kati. Mkamwini ndi apongozi ake amapatukirana panjira. Pakati sipatchulidwa ndi wodutsa ngakhale aliyense akuona. Khanda limakhala m'chikuta, osaonetsedwa kwa alendo, kufikira mchombo utagwa. Mayi akapita padera nkhaniyo imathera kwa amayi aakulu. Zonenedwa ndi anamkungwi kuchinamwali sizituluka, monganso za kudambwe kwa Achewa a kumtunda. Anthu odyera m'mbale imodzi ndiwo amasowa malamulo oterewa kuposa wokhala yekha m'nyumba ya zipinda khumi, chifukwa pamene makoma ndi a bango, khoma lenileni liyenera kumangidwa m'diso ndi pakamwa pa mnansi. Katswiri wa maganizo a anthu Irwin Altman anafika pa mfundo yofanana mu 1977, atayerekeza mitundu yosiyanasiyana: mtundu uliwonse uli ndi njira zotsekera ndi zotsegulira ena, ndipo chimasiyana ndi njirazo. Helen Nissenbaum, m'buku lake la 2010 lotchedwa Privacy in Context, anafotokoza kuti nkhani iliyonse imayenda ndi malamulo a malo amene inabadwira, ndipo kulakwa kumachitika ikachotsedwa pamalopo n'kuikidwa pena. Agogo a ku Chiwanda angamve zimenezi popanda womasulira. Imfa ya msodzi ndi nkhani ya mudzi wonse, koma ili ndi njira yake yofikira kwa aliyense, ndipo amake a malemu sali kumapeto kwa mzere.

Chiswahili cha achinyamata, chimene chimamvekanso kugombe la Nyasa, chapereka dzina loyenera la nthendayi. Amati munthu "anatafuta kiki", kutanthauza kuti akufuna kutchuka mwa njira iliyonse. Liwu lakuti "kiki" linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza kuponda ndi phazi, monga amachitira woliza njinga yamoto, ndipo linakula m'nkhani za oimba a ku Dar es Salaam amene amapeka mikangano ndi zibwenzi nyimbo yatsopano ikamatuluka. Woimba wotere amagulitsa manyazi akeake, ndipo ndi nkhani yake. Wojambula mtembo amagulitsa manyazi a munthu amene sangathenso kukana. Chichewa chinali kale ndi mawu a kudzionetsera, kudzichemerera ndi miseche, koma wamiseche wa kale ankanong'ona chifukwa ankadziwa kuti akulakwa. Wa lero amaika dzina lake pamwamba pa chithunzi n'kumawerenga anthu amene aona.

Kuwerengako si ngozi. Ndi momwe makinawa anapangidwira. Mu 1971 Herbert Simon anachenjeza kuti nkhani zikachuluka chimene chimasowa ndi chidwi cha omvera. Makampani a masamba a mchezo amagulitsa chidwi chimenecho kwa otsatsa malonda, choncho chilichonse choimitsa chala cha munthu pa lamya ndi ndalama kwa iwo. Zikalata zimene Frances Haugen anatulutsa ku Facebook mu 2021 zinaonetsa kuti kuyambira mu 2017 makina a kampaniyo ankawerengera kachizindikiro ka mkwiyo, ka chisoni kapena ka kudabwa kasanu kuposa kachizindikiro ka kukonda wamba posankha zoti anthu ambiri aone. WhatsApp, imene ndi ya kampani yomweyo, inachepetsa mu 2019 chiwerengero cha malo amene uthenga ungatumizidwe nthawi imodzi kufika pa 5, koma kuyambira mu 2022 gulu limodzi lingakhale ndi anthu 1,024. Kudina kamodzi kokha kungafikitse nkhope ya womira kwa anthu ochuluka kuposa amene adzafike pamaliro ake. Opanga makinawa sanaganizire za mwini maliro, ndipo palibe batani lofunsa ngati amake a malemu amva.

Imfa ndi pachimake chabe pa chizolowezi chimene chafalikira pena paliponse. Khanda la tsiku limodzi limaonekera pa lamya za anthu mazana mchombo usanaume. Wodwala amajambulidwa pabedi la chipatala ali ndi machubu m'mphuno, wodzamuona atamwetulira pambali pake. Wopereka thumba la ufa kwa mayi wamasiye amamuimika padzuwa kuti chithunzi chioneke bwino, ndipo mayiyo amalipira ufawo ndi nkhope yake. Mtsikana amene anakhulupirira bwenzi lake amapeza thupi lake likuyenda m'magulu chibwenzi chitatha. Ophunzira nawo sangadzichotse. Wofufuza amene amasainitsa anthu mapepala olonjeza kusunga chinsinsi, madzulo a tsiku lomwelo amaika pa Facebook chithunzi cha ana osavala a padooko, iye ataima pakati pawo, kuti anzake a ku yunivesite adziwe kuti wafika kumudzi. Ana a iye mwini sangalole kuti mlendo awajambule choncho.

Pali yankho limodzi limene liyenera kulemekezedwa, ndipo ndi lakuti chithunzi cha mtembo nthawi zina ndi mboni yokhayo imene osauka ali nayo. Pa 29 Okutobala 2025, tsiku la chisankho ku Tanzania, intaneti inazimitsidwa m'dziko lonse kwa masiku angapo, ndipo itabwerera anthu analandira uthenga wa apolisi wowachenjeza kuti asatumize zithunzi zodzetsa mantha kapena zotsitsa ulemu wa munthu. Zithunzi za anthu ophedwa m'masiku amenewo ndizo zinakhala umboni umene atolankhani anaufufuza pambuyo pake. Apa mawu a ulemu anagwiritsidwa ntchito ngati chivundikiro, ndipo aliyense wodandaula za kujambula mitembo ayenera kusamala kuti dandaulo lake lisabwerekedwe ndi wofuna kubisa magazi. Komabe kusiyanitsa sikovuta monga momwe ena amanenera. Chithunzi cha umboni chimaloza wakupha, ndipo wochitumiza amaika moyo wake pachiswe. Chithunzi cha kiki chimaloza wochitumiza, ndipo sichimutayitsa kanthu. Mwera suimbidwa mlandu. Nkhope ya womira siulula chinsinsi cha wolamulira aliyense.

Mbiri ya dziko la America ili ndi chitsanzo chounikira bwino nkhaniyi. Mu 1955 mnyamata wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa mwankhanza ndi azungu ku Mississippi. Amayi ake, Mamie Till, analamula kuti bokosi likhale lotsegula pamaliro ku Chicago, ndipo analola kuti magazini ya Jet isindikize chithunzi cha nkhope yake yowonongekayo. Chithunzicho chinagwedeza dziko ndi kulimbikitsa nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda. Mphamvu yake inachokera pa mfundo yakuti wolamula anali mwini maliro, amene anali ataona kale mwana wake, atalira, n'kusankha yekha kuvundukula. Anthu enanso amati chithunzi chimathandiza kuzindikira mtembo wosadziwika kapena kusonkhetsa chipepeso. Mtembo wosadziwika ungafotokozedwe ndi zovala ndi malo amene wapezeka, chithunzi n'kusungidwa kwa mfumu ndi apolisi kuti oyenera akaone. Ndipo anthu a kugombe akhala akusonkha ufa, nkhuni ndi ndalama pamaliro kwa mibadwo yambiri popanda kuonetsedwa bala.

Nanga malamulo a boma? Pa pepala alipo okwanira. Ndime 16 ya malamulo aakulu a Tanzania ndi ndime 21 ya malamulo aakulu a Malawi zimateteza moyo wam'seri wa munthu. Tanzania inakhazikitsa lamulo la milandu ya pa intaneti mu 2015 ndi lamulo loteteza mbiri za anthu mu 2022. Malawi inakhazikitsa ofanana nawo mu 2016 ndi mu 2024. Funso ndi lakuti malamulowa amathamangira kuteteza nkhope ya yani. Mu 2016 munthu wina wa ku Arusha anapezeka wolakwa chifukwa chonyoza Pulezidenti John Magufuli pa Facebook. Chaka chomwecho Maxence Melo, mmodzi mwa oyambitsa JamiiForums, anamangidwa atakana kupereka kwa apolisi mayina a olemba pa tsamba lake, kutanthauza kuti analangidwa chifukwa chosunga chinsinsi cha anthu. Mu Julayi 2024 wojambula wachinyamata wa m'chigawo cha Mbeya anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 2 kapena kulipira chindapusa chifukwa cha kanema wa pa TikTok m'mene anatentha chithunzi cha Pulezidenti Samia Suluhu Hassan. Pepala lokhala ndi nkhope ya wolamulira linapeza womulankhulira m'bwalo la milandu m'masiku owerengeka. Mayi wa ku Chiwanda amene anamva za imfa ya mwana wake kudzera m'chithunzi sadziwa n'komwe khomo loti akagogode.

Maiko ena asonyeza kuti lamulo lingathe kuyang'ana pansi. Ku Germany, kuyambira mu Januwale 2021, kujambula kapena kufalitsa chithunzi choonetsa womwalira monyoza ndi mlandu. Ku California, apolisi ndi ozimitsa moto atagawana zithunzi za ngozi ya helikoputa imene inapha Kobe Bryant, mwana wake ndi anthu ena mu Januwale 2020, boma linakhazikitsa lamulo loletsa ogwira ntchito zopulumutsa anthu kujambula mitembo popanda chifukwa cha ntchito, ndipo mu 2022 bwalo linagamula kuti mkazi wa Bryant apatsidwe chipukuta misozi cha mamiliyoni a madola. N'zosadabwitsa kuti nkhani ya ufulu umenewu m'malamulo a America inayambira pa kamera: Samuel Warren ndi Louis Brandeis analemba nkhani yawo yotchuka mu 1890, patangopita zaka 2 kamera yonyamula m'manja ya Kodak itayamba kugulitsidwa. Azungu nawo anachita kuphunzira kamera itawaluma. Palibe chifukwa choti anthu a kugombe la Nyasa adikire kuphunzitsidwa ndi iwo chinthu chimene agogo awo ankachidziwa.

Chodalirika kwambiri ndi bwalo limene lili pafupi. Gulu lililonse la WhatsApp lili ndi woliyang'anira, ndipo woyang'anirayo ndi mfumu ya kamudzi kameneko, afune asafune. Kuyambira mu 2022 ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense m'gulumo. Akhoza kuika lamulo limodzi lomveka kwa onse: uthenga wa maliro umachokera kwa mwini maliro kapena kwa amene iye watuma, ndipo chithunzi cha mtembo, cha wodwala kapena cha mwana wa eni sichilowa. Makomiti a padooko, amene amaweruza kale milandu ya maukonde ndi ya malo ouzira nsomba, akhoza kuweruzanso wojambula womira monga mfumu inkaweruzira wosuzumira padooko la amayi. Abusa ndi mashehe amene amalalikira pamaliro aliwonse ali ndi omvera okonzeka. Mphunzitsi wa chiyankhulo, pophunzitsa mawu aulemu ndi mikuluwiko, angafunse ophunzira ake kuti ndani amanena za imfa, kwa yani, motsatana bwanji, n'kuwauza kuti ayerekeze ndi zimene zili m'malamya mwawo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa masiku ano umasungidwa m'makina akutali ndipo sukalamba.

Kwa ophunzira a ziyankhulo ntchito ndi yoonekeratu. Chinyanja cha kugombe la Tanzania chikuphwanyidwa pakati pa Chiswahili cha kusukulu ndi Chingerezi cha pa lamya, ndipo zoyamba kutayika m'chiyankhulo chotere ndi mawu osamala amene amanenedwa kamodzikamodzi: mawu a mthenga wa maliro, a wopepesa, a wopempha njira padooko. Mawu amenewa ayenera kulembedwa akadali pakamwa pa okalamba, ndi chilolezo chawo, ndipo ayenera kuikidwa patsogolo pa aliyense wobwera ndi nthano yakuti anthu a gulu alibe zam'seri. Mwera udzawombanso chaka chamawa, ndipo mnyamata wina woyenda m'mamawa pamchenga wa pakati pa Mbamba Bay ndi Chiwanda adzapeza chimene mafunde abweza. Adzakhala ndi lamya m'thumba ndi malaya pathupi. Zimene adzayambe kugwira zidzatengera zimene akulu ake, aphunzitsi ake ndi olemba mabuku adzakhale atamuuza za mwini maliro.